LIU LA NKHWANGWA: MBIRI YA "HEW" M'CINGEREZI

Ana athu amene aphunzira Cingerezi m'sukulu za m'midzi kawirikawiri adziwa liu limodzi lokha la kudula, ndilo "cut." Munthu akatema nkhuni iwo ati "cut", akamweta udzu, akaceka thabwa, akasema mpini, akasadza nthambi, liu ndi lomwelo. Cifukwa cace ena a ife ayesa kuti Angerezi ali osauka pa mau a nkhwangwa, kapena kuti makolo ao sanaigwira konse nkhwangwayo. Si kutero iai. Iwonso anali nao mau ambiri, ndipo limodzi la akale koposa ndilo "hew," limene pochula limveka ngati "hyu." Masiku ano silimvekamveka m'kamwa mwa anthu wamba, koma lakhala m'mabuku ao zaka zoposa 1,000, ndipo pofika kuno ku Africa linadza litasanduka citonzo ca anthu akuda. Tiyeni tsono tilondole mapazi ace, tione kumene linacokera, nchito zimene linagwira, ndi umo anthu analiipsira.

Tanthauzo Lace

"Hew" ndiko kukantha cinthu colimba ndi cida cakuthwa ndi colemera, monga nkhwangwa, kasemasema, lupanga kapena piki. Mai wosenda mbatata ndi mpeni sanenedwa kuti ali kucita "hew," ngakhale telala wodula nsaru ndi sizasi. Liuli lifuna mphamvu ya m'mapewa, ndi kukantha kobwerezabwereza kufikira zibenthu zitauluka. Ligwira pa zinthu zitatu. Coyamba ndico kulikha mtengo kuti ugwe. Caciwiri ndico kusema, ndiko kucotsa pang'onopang'ono zosafunika pa cipika kapena pa mwala, kufikira paturuka mtanda, bwato, kapena mwala wa pangondya. Cacitatu ndico kuboola thanthwe, monga acita okumba manda, zitsime ndi migodi m'miyala. Cinthu cosemedwa cotero acinena "hewn," ndipo munthu wa nchitoyo amucha "hewer."

Kumene Linacokera

Aroma atacotsa asilikari ao pa cisumbu ca Britain, ngati caka ca 410, anayamba kuoloka nyanja mapfuko atatu, a Angles, a Saxons ndi a Jutes, ocokera ku maiko amene lero ali kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark. Dzina la England licokera kwa a Angles aja. M'ngalawa zao anatenga nkhwangwa zao pamodzi ndi liu lace, limene pa nthawi ija linali "heawan." Abale ao otsala kutsidya analisunga kufikira lero: Ajeremani ati "hauen," a ku Holland "houwen," a ku Sweden "hugga." Ici sicidzadabwitsa munthu wa kwathu amene anayendako maiko, pakuti ife timati "kutema," Amashona ati "kutema," Aswahili popita kunkhuni ati "kutema kuni," ndipo Abemba ati "ukutema," nacha malimidwe ao osadza nthambi ndi kuziocha "citemene." Mau ofanana cotere aonetsa kuti eni ace anayamwa bere limodzi kalekale, asanabalalike.

Koma mizu ya "hew" ipitirira pamenepo. Aroma anali ndi liu lakuti "cudere," ndiko kusula ndi nyundo, ndipo tikumbuke kuti "c" wao anamveka ngati "k." A ku Russia ati "kovat" ponena za kusula citsulo, ndi a ku Lithuania ati "kauti" ponena za kukantha pankhondo. Wina adzafunsa, Nanga mau oyamba ndi "k" agwirizana bwanji ndi liu loyamba ndi "h"? Yankho analipeza akatswiri awiri a zinenero, Rasmus Rask wa ku Denmark m'caka ca 1818, ndi Jacob Grimm wa ku Germany m'caka ca 1822. Iwo anaonetsa kuti pamene zinenero zina za ku Ulaya zinasunga "k," makolo a Ajeremani ndi a Angerezi anamfewetsa nakhala "h," ndipo anatero m'mau ambirimbiri mwa lamulo limodzi. Nyanga m'Cilatini ndiyo "cornu," m'Cingerezi "horn"; garu ndiye "canis," kwinako "hound"; zana ndilo "centum," kwinako "hundred."

Potero tanthauzo loyambirira ndilo kukantha. Kwa ena liu linatsalira m'cipala ca wosula, kwa ena pabwalo la nkhondo, koma kwa Angerezi linakhala pankhondo ndi m'nkhalango momwe. Umboni wa pankhondo tiupeza m'ndakatulo yakale imene alembi anaiika m'buku la mbiri ya dziko lao pa caka ca 937. M'caka cimeneco mfumu Athelstan, mdzukulu wa Alfred, inagonjetsa pa malo ochedwa Brunanburh magulu a Constantine mfumu ya Scotland ndi Olaf mfumu ya Dublin. Ndipo mlakatuli pofotokoza umo ankhondo anatemera zishango za adani ndi malupanga, anasankha liu lomweli. Zishangozo zinali za matabwa, cotero wankhondo ndi mmisiri onse awiri anali otema mtengo.

Abale Ace a Liuli

M'banja la "hew" muli ana awiri amene mlimi ali yense ayenera kuwadziwa. Woyamba ndiye "hay." Ku England nyengo yacisanu ikhala miyezi ingapo, msipu suphuka, ndipo nthawi zina dziko likutidwa ndi cipale cofewa. Cifukwa cace m'miyezi ya June ndi July alimi amweta udzu, nauyanika, nauunjika, kuti ng'ombe ndi nkhosa zikadye m'masiku a njala yao. Udzu woumawo ndiwo "hay," ndipo kumasulira kwace kwenikweni ndiko "comwetedwa." Masiku akale banja loperewera udzuwo linapha zoweta zace cisanu cisanafike, poopa kuziona ziri kufa m'khola.

Waciwiri ndiye "hoe," ndilo khasu, ndipo ulendo wace unali wozungulira. Pfuko lina la Cijeremani, lochedwa Franks, linalanda dziko la Gaul m'masiku a mfumu yao Clovis, amene anafa m'caka ca 511, nilipatsa dzikolo dzina lakuti France. Popita mibadwo iwo analeka cinenero cao nayamba kulankhula ca eni dziko. Koma mau ena a kumunda anakanirira, ndipo limodzi la iwo linali dzina la khasu, lobadwa ku liu lao la kutema. Afalansa analicha "houe." M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo zaka ngati 300 Cifalansa cinali cinenero ca mafumu ndi ca pamilandu. Mwa njira iyi "hoe" linalowa m'Cingerezi m'zaka za m'ma 1300, monga mwana wobadwira kucilendo afika kwa atsibweni ace, anthu osamzindikira. Taonani tsono, kwa Angerezi nchito ya nkhwangwa ndi dzina la khasu ziri za mimba imodzi, monga kwathu kuno zida ziwirizi zituruka m'cipala cimodzi nizikhomedwa m'mipini yofanana.

Pali ndi mdzukulu wina woseketsa. A Vikings, anthu a kumpoto amene anakhala m'zigawo za England m'zaka za m'ma 800 ndi 900, anasiyako liu lao la kutema, nilibala "haggle." Poyamba linanena kutematema cinthu mosalongosoka, pofika caka ca 1600 linayamba kunena kunenerera malonda, pamene wogula abenthula mtengo pang'onopang'ono kufikira utatsika. Ife amene ticha mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi liu limodzi sitidzaona cacilendo pamenepa.

Mmisiri ndi Cingwe Cace

Makina oceka matabwa asanafale, mitanda yambiri ya nyumba ndi ya zombo inasemedwa ndi manja. Mmisiri anagoneka cipika pa mitengo iwiri yopingasa, nacicotsa makungwa, napaka cingwe coko kapena makala, nacikoka kolimba kuyambira kutsinde kufikira kunsonga, nacitukula pakati, nacileka. Ndipo cingweco pomenya mtengo cinasiya mzera woongoka. Atatero anatema mipatamipata kufikira pamzera, nabenthula zotsala pakati pace, natsiriza ndi nkhwangwa yotakata, yosalala mbali imodzi, ya mpini wokhota kuti zala zisakhule pamtengo. Wopitirira mzera anaononga mtanda, ndipo wolekeza patali anausiya wa linunda.

Luso la amisiri a mitengo a masiku aja liri kuonekabe mu London. Tsindwi la Westminster Hall linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, pa ufumu wa Richard II, ndi mmisiri Hugh Herland. Mitengo yace ya thundu inakonzedwa ku Farnham, nitengedwa pa magareta ndi pa mtsinje wa Thames; ndipo tsindwilo litambalala mapazi oposa 60 popanda mzati pakati. Linapulumuka moto wa 1834 ndi mabomba a 1941, ndipo laima zaka zoposa 600.

Kwa amisiri otere kunacokera mwambi umene unachuka ku America m'zaka za m'ma 1800, pamene anthu anamanga nyumba za zipika nasema mitanda ya njanji ndi manja. Anati "hew to the line," ndiko kusema motsata mzera, zibenthu zigwe kumene zigwa. Ndipo anaunena za munthu wocita coongoka osaopa amene adzakhumudwa. Pang'onopang'ono anthu anaiwala cingwe ndi coko, kotero kuti lero m'manyuzi a ku America, woweruza akagamula motsata lamulo osapatuka, alemba kuti anacita "hew to" lamulolo. Liu la kulekanitsa linasanduka la kumamatira, ndipo wosadziwa nchito ya mmisiri sakhoza kumvetsa cifukwa cace.

Kufota Kwace

M'kulankhula kwa masiku onse "hew" linayamba kucepa mphamvu pamene linafika "cut," limene lioneka m'mabuku kumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Liu latsopanoli linali losasankha: linagwira pa mpeni, pa nkhwangwa, pa maceka, ponseponse, nilikankhira pambali mau akale. "Carve," limene kale linali liu la kudula kuli konse, linatsala kwa wosema zifanizo ndi wogawa nyama pagome. "Shear" linatsala makamaka kwa wometa nkhosa. Ndi "hew" linatsala kwa amisiri a mitengo ndi a miyala, ndi kwa okumba malasha.

M'migodi ya malasha ya ku Durham ndi Northumberland dzina lakuti "hewer" linali laulemu. Mnyamata anayamba ndi kusunga citseko ca mpweya mumdima, napita kukakankha ngolo, ndipo atakhwima ndi pamene analoledwa kugwira piki pa malasha penipeni. Kumeneko anagwira cogonera cammbali, pena m'mpata wosafika mapazi 3. Ndipo malipiro ace, oyesedwa ndi malasha amene anaturutsa, anaposa a anzace a nchito ya manja. Nchitoyo inadya miyoyo yambiri, ndipo ana ang'ono omwe anatsikira pansi, kufikira lamulo la 1842 linaletsa akazi onse ndi anyamata osafika zaka 10. Thomas Burt, amene analowa mumgodi ali wa zaka 10, anasankhidwa kukhala phungu wa ku Morpeth m'caka ca 1874, nakhala m'nyumba ya malamulo zaka 44. Pambuyo pace makina analanda nchito ya piki, ndipo mgodi wa malasha wotsiriza wakuya wa ku Britain, wa ku Kellingley, unatsekedwa m'caka ca 2015.

M'Buku Lopatulika

Cimene cinasunga liuli m'makutu a Angerezi onse ndico Buku Lopatulika. William Tyndale, amene anasindikiza Cipangano Catsopano m'Cingerezi m'caka ca 1526 ndi mabuku a Mose m'caka ca 1530, analiikamo. Ndipo omasulira a mfumu James anamtsata m'Buku la 1611, limene linawerengedwa m'mipingo ndi m'nyumba zaka zoposa 300. M'menemo liu limodzili linena za magome a miyala amene Mose anasema, za miyala ya Kacisi wa Solomo, za mtengo wosabala umene Yohane Mbatizi anati udzadulidwa, ndi za manda a m'thanthwe a Yosefe wa ku Arimateya. Pamene Buku lathu la Cinyanja linaturuka m'caka ca 1922, katundu amene m'Cingerezi anasenzedwa ndi liu limodzi anagawidwa kwa mau athu angapo, kusema, kutema ndi kudula. Pakuti pa zinthu izi cinenero cathu cisiyanitsa bwino.

Koma pali malo amodzi pamene liuli linatengapo bala. Pa Yoswa 9 tiwerenga za anthu a ku Gibeoni, mudzi wa pa mtunda wa mamailo 6 kucokera ku Yerusalemu. Iwo poopa kuphedwa monga a ku Yeriko ndi a ku Ai, anabvala nsapato zakutha, natenga matumba ong'ambika ndi mkate woyanga nkhungu, nanama kuti acokera kutali, kuti Aisrayeli apangane nao za mtendere. Atapita masiku atatu bodza linaululika. Lumbiro silinatheke kumasulidwa. Cotero anawaleka ndi moyo, nawaika pa nchito ya nkhuni ndi ya madzi, kutumikira khamu lonse ndi guwa la nsembe. M'nkhani iyi Angerezi anatengamo maina awiri, "hewer" wa nkhuni ndi mnzace wa madzi, nawayesa mwambi wonena anthu apansi, obadwira kutumikira ena.

Umo Linasandukira Citonzo

Mwambiwo unaoloka nyanja. Eni akapolo a ku America, ndi Azungu ena a ku South Africa, anaulumikiza ndi nkhani ya Nowa ndi ana ace pa Genesis 9, naphunzitsa kuti anthu akuda anaikidwiratu ku nkhuni ndi madzi kosatha. M'caka ca 1953 boma la South Africa linaika lamulo lochedwa Bantu Education, lolanda sukulu za anthu akuda m'manja mwa mamishoni, amene anayang'anira zambiri za izo. Nduna yace, Hendrik Verwoerd, inanena poyera m'nyumba ya malamulo kuti munthu wakuda alibe malo pakati pa Azungu kuposa nchito zina za manja, ndi kuti sikupindula kumphunzitsa zimene sadzaloledwa kucita. Otsutsa lamulolo, pofuna kunena colinga cace mwacidule, anachula mwambi womwe uja. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg anasankha kutseka sukulu zace koposa kuzipereka.

M'zaka zomwezo amuna a kwathu zikwi zambiri anali m'migodi ya golidi ya dzikolo, ali kuswa thanthwe monga anacitira a ku Durham. Koma ulemu wa a ku Durham sanauone, pakuti lamulo linasungira Azungu nchito za luso ndi malipiro ace. Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anaukira maphunziro amenewa, ndipo ambiri anaphedwa ndi mfuti za apolisi. Lamulolo linacotsedwa m'caka ca 1979, ndi ulamuliro wa tsankho unatha m'caka ca 1994. Koma Amashona ali ndi mwambi wakuti coiwala ndi nkhwangwa, citsa siciiwala.

Kodi Bukulo linena zimene analinenetsa? Iai. Pa Genesis 9 temberero linagwera Kanani, ndipo za khungu la munthu sizichulidwa konse. Agibeoni analangidwa cifukwa ca bodza lao, ndipo nkhuni zao zinali zoyatsira guwa. Pa Deuteronomo 29, Mose poitana anthu alowe m'cipangano, ayamba ndi akuru a mapfuko natsiriza ndi wa nkhuni ndi wa madzi, osasiya mmodzi kunja. Ndipo pa 1 Mafumu 5, Solomo potumiza mau kwa Hiramu wa ku Turo anabvomera kuti mwa Aisrayeli munalibe wodziwa kulikha mitengo ngati Asidoni, nalonjeza kuwalipira monga adzanena Hiramu. Nakhalanso nao osema miyala 80,000 m'mapiri. Popanda amenewa Kacisi sakadaima.

Zotiphunzitsa

Pali maenje awiri m'mbali mwa njira yathu. Lina ndilo kubvomera citonzo cija, ndi kumletsa mwana sukulu poti iye ngwa khasu basi. Linzace ndilo kucita manyazi ndi nkhwangwa, kotero kuti mnyamata wodziwa kuwerenga aona kusema mpini ngati kumcepsa. Mbiri ya "hew" itsutsa zonse ziwiri, pakuti liu limene anatonza nalo anthu akuda ndilo liu la makolo a otonzawo. Ndilo la udzu umene unasunga ng'ombe zao, la khasu limene linawadyetsa, la tsindwi la mafumu ao, ndi la malasha amene anayendetsa zombo ndi sitima zao.

Tionanso kuti liu lifota pamene nchito yace icoka m'manja mwa anthu. Ife tikali nao mau athu, liri lonse ndi malo ace: tilikha mtengo, tisadza nthambi, tiwaza nkhuni, tisema mtondo, ticeka thabwa, timweta udzu. Koma osema mitondo, ng'oma ndi mabwato ali kucepa, mitengo yaikuru iri kutha m'mapiri, ndipo ana ambiri ati "kudula" pa zonse, monga Angerezi ndi "cut" wao. Cifukwa cace, aphunzitsi ndi akuru a m'midzi, tiyeni tipite kwa okalamba amene akali kugwira kasemasema, tiwafunse maina a zida zao, a mitengo yoyenera mtondo ndi yoyenera mpini, ndi a kukantha kuli konse. Tiwalembe m'mabuku, tiwaphunzitse ana athu pamodzi ndi Cingerezi cao. Akuru anati mtsinje wopanda miyala susunga madzi, ndipo miyala yathuyo ikhala nafe kanthawi kocepa.